Mbale zinayi za m'sutikesi ya bambo anga

Tsiku limene tinkagawana katundu wa malemu bambo anga, Allah awachitire chifundo, panalibe amene analimbirana sutikesi yachitsulo imene inkakhala kunsi kwa bedi lawo. Makina osokera anapita kwa mlongo wanga, njinga kwa mng'ono wanga, ndipo sutikesi inagwera ine chifukwa amalume anaganiza kuti muli mapepala, ndipo mapepala ndi a mwalimu. Titatsegula tinapezamo mbale za galamafoni 34, zina zili m'zikuto zake zakale, zina zokulungidwa m'nsalu yoyera. Ndazisunga zaka zambiri osazimva, kufikira chaka chatha pamene mmisiri wina wokonza mawailesi pamsika anaukitsa makina oimbira mbalezo, amene anali atagona kuyambira ndili mnyamata. Chiyambire pamenepo ndimamvera mbale imodzi usiku tikachoka ku Swala ya Isha. Pano ndikufuna kulankhula za zinayi zimene ndimazikonda koposa, ubwino wake ndi pamene zikuperewera. Pozimveranso ndi makutu a munthu wamkulu ndaona kuti imene ndinkaiika patsogolo ndili mwana si imene ndingaiike patsogolo lero, ndipo kusinthaku kukukhudza ana amene timawaphunzitsa m'madrasa athu.

Kwa achinyamata obadwira m'nyengo ya foni, mbale ndi chinthu chakuda, chozungulira, chopyapyala, chachikulu ngati chivundikiro cha ndowa. Pankhope pake pali kanjira kamodzi kokha, kopyapyala kuposa ulusi, kamene kamazungulira kuchokera m'mphepete kulowera pakati. Singano ikamayenda m'kanjirako imanjenjemera motsatira mapindikidwe ake, ndipo kunjenjemerako ndiko kumasanduka mawu. Mbale zazikulu zoterezi zinayamba kugulitsidwa ndi kampani ya Columbia ku America mu 1948. Zimazungulira ka 33 ndi kachigawo pamphindi imodzi, ndipo mbali iliyonse imatenga mphindi 20 kapena kupitirirapo pang'ono. Ikatha, munthu ayenera kudzuka, kunyamula singano ndi kutembenuza mbale. Kuno kunyanja adani ake ndi fumbi ndi dzuwa la mu October. Mbale yoiwalidwa pawindo imapindika ngati chikopa chouma, ndipo ikapindika sibwereranso.

Bambo anali telala. Sanapite ku Joni kudzera ku Wenela monga anzawo a kumigodi. Anapita okha, ulendo umene akuluakulu ankautcha selufu, nakasoka zovala m'sitolo ina ku Johannesburg kwa zaka zingapo. Anabwerako mu 1976, ine ndisanabadwe, ali ndi makina osokera, makina oimbira mbale oyendera mabatire, ndi sutikesi ija. Kasungidwe kawo kanali ndi dongosolo limene sanalisinthepo. Mbale za nyimbo zinkakhala pansi, za mayamiko a Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) pakati, ndipo za Qur'an yolemekezeka pamwamba, m'nsalu yoyera. Mwana akanena kuti mbale ya Qur'an ikuimba ankadzudzulidwa pomwepo. Mawu oyenera anali akuti Shehe akuwerenga. Ine nditsata dongosolo lomwelo, kuyambira pansi kukwera pamwamba.

Ndisanatchule mbale za nyimbo ndiyenera kunena chimene owerenga akuchidziwa kale, kuti ma Ulama sanagwirizane pa nkhani ya zida zoimbira. Ambiri a iwo anaziletsa kupatula ng'oma ya dufu. Ibn Hazm wa ku Andalus sanaone umboni wokwanira woziletsera. Imam al-Ghazali, m'buku lake la Ihya, anapatula gawo lonse la nkhani ya kumvetsera, ndipo ngakhale analetsa zida zina, analimbikira kuti tiziyang'ana nthawi, malo ndi anthu amene tikumvera nawo. Nkhani ino si fatwa, ndipo amene amapewa nyimbo chifukwa choopa Allah ali ndi ulemu wanga wonse. Ndikungofotokoza zimene zili m'sutikesi ya telala wa kunyanja amene sankaphonya Swala.

Pansi penipeni pali mbale yotchedwa Mannenberg, imene inajambulidwa ku Cape Town mu 1974. Pachikuto pali dzina loti Dollar Brand, koma mwini wake anali atalowa kale Chisilamu mu 1968, ndipo dziko likumudziwa ndi dzina la Abdullah Ibrahim. Anaitulutsa mothandizana ndi Rashid Vally, mwini sitolo ya mbale ya Kohinoor ku Johannesburg. Dzina la nyimboyi lichokera ku Manenberg, dera la mchenga kunja kwa Cape Town kumene boma la tsankho linkatayako anthu owachotsa m'malo onga District Six, amene mu 1966 linalamula kuti akhale a azungu okha. Nyimboyi imatenga mphindi zoposa 13, ndipo pafupifupi yonse ilibe mawu oimbidwa. Ibrahim amaimba kachidutswa kakafupi pa piyano, nkukabwereza, nkukabwerezanso, osatopa. Piyanoyo inali yokhomedwa timisomali pa tinyundo take, motero imalira mokhala ngati ya m'nyumba yamalata ya anthu osauka. Pamwamba pa kachidutswako lipenga la saksofoni la Basil Coetzee limayenda modekha, ngati munthu wosimba mavuto ake koma wosafuna kulira pagulu.

Wina angaidzudzule mbaleyi kuti siipita kulikonse, ndipo akunena zoona. Khutu lofulumira limatopa nayo mphindi zisanu zisanathe, chifukwa mmene yayambira ndi mmene ikuthera. Koma ife amene tinakula tikumva sikiri ndi nyimbo za opalasa ngalawa tikudziwa kuti kubwereza kuli ndi ntchito yake: kumakhazika mtima pansi kuti uyambe kumva zimene unkazithawa. M'zaka za m'ma 1980 nyimboyi inkaimbidwa pamisonkhano yolimbana ndi tsankho, chikhalirecho ilibe liwu lonyoza boma. Bambo ankaiika kawirikawiri akalandira uthenga wa maliro a mnzawo wa ku Joni. Ndili mwana sindinkamvetsa. Lero ndikuona kuti munthu amene anakhalapo mlendo woyenda ndi chiphaso m'thumba ankamvamo kulimba mtima kwa anthu osamutsidwa. Chimene ndimaitamira mbaleyi nchakuti Ibrahim, katswiri wokhoza kuthamangitsa zala kuposa ambiri, anadzigwira, nasiya kanyimbo kosavuta kuti kalankhule kokha.

Pakati pa sutikesi pali mbale ya Umm Kulthum wa ku Egypt, akuimba Nahj al-Burda. Ndakatuloyi anailemba Ahmad Shawqi, amene anamwalira mu 1932, potsata muyeso ndi mathero a mizere a Burda ya Imam al-Busiri, imene ambiri a ife tinaimvapo pa Maulidi. Nyimbo yake anaipeka Riyad al-Sunbati, ndipo mayiyu amaimba mizere yosankhidwa, osati ndakatulo yonse. Mayi anga ankaikonda mbaleyi osamva ndi liwu limodzi lomwe la Chiarabu. Ine ndinadzaimvetsa nditapita ku koleji ya Chisilamu, ndipo ndinadabwa kupeza kuti imayamba ndi mawu a chikondi ndi kusowa wokondedwa isanafike pa kudzudzula mtima ndi kutamanda Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye). Amenewo ndiwo mayambidwe akale a ndakatulo za Aarabu, ndipo womvera wosauzidwa angathe kusokera nawo.

Mphamvu ya mbaleyi ili pa katchulidwe. Umm Kulthum anali mwana wa Imam wa kumudzi, anaphunzira Qur'an ali wamng'ono, ndipo zimenezi zimamveka m'kamwa mwake. Chilembo chilichonse chimatuluka pamalo pake. Qaf samuthawa, dhad samupeputsa, ndipo akatalikitsa liwu salithyola pakati. Wophunzira Chiarabu angathe kulemba mizereyo pongomvera. Chofooka chake ndi gulu la mavayolini limene lili kumbuyo kwake. Limazuna mopitirira, ngati tiyi wothira shuga kawiri, ndipo pamalo ena limaphimba kulemera kwa mawu amene akunenedwa. Ndikamamvera ndimalakalaka akanamusiya yekha ndi dufu. Komabe m'mbale zonse za nyimbo zimene ndili nazo, iyi ndi imene imaonetsa bwino kuti woimba wamkulu amagwira ntchito ngati wantchito wa mawu amene wapatsidwa. Umm Kulthum anamwalira mu 1975, ndipo mpaka lero mawailesi a maiko a Aarabu sanamusiye.

Tsopano tifike pa nsalu yoyera. Mbale imene inalanda mtima wanga ndili mwana ndi ya Sheikh Abdul Basit Abdus Samad, amene anabadwa mu 1927 kufupi ndi Armant kum'mwera kwa Egypt, namwalira mu 1988. Mu 1966 anacheza ku South Africa, ndipo bambo ankati pamene iwo ankafika ku Joni anapeza Asilamu akusimbabe za ulendowo. Mbale yathu inajambulidwa pagulu, mu kawerengedwe kotchedwa mujawwad, kamene kamakhala kapang'onopang'ono ndi kokometsedwa. Shehe amayamba ndi liwu lapansi, mu kamvekedwe kamene Aarabu amakatcha bayati, kenaka amakwera pang'onopang'ono, nadutsa m'makamvekedwe ena onga saba ndi hijaz, kufikira liwu litafika pamwamba pamene munthu sangayembekezere kuti mwamuna angafikepo. Mpweya wake ndi wautali modabwitsa. Amatha kulumikiza ndime zingapo osapuma, ndipo akaima gulu lonse limafuula ndi chisangalalo. Tili ana tinkawerengera ndi zala kuti tione kutalika kwa mpweya umodzi, ndipo pobwerera kudambwe tinkapikisana kumutsanzira titagwira m'makutu.

Pa mbaleyi palibe chilema cha tajwid chimene ine ndingachiloze. Shehe anali mwini ntchito yake, ndipo pamene akukwera ndi liwu malamulo sawataya. Vuto lili pa chimene mbaleyi imachita mwa womvera wosakhwima. Mvetserani gululo: nthawi zina limafuula ndime isanathe nkomwe, ndipo limafuula chimodzimodzi pa ndime ya Jannah ndi pa ndime ya chilango. Zikatero mumadziwa kuti ambiri akutama mpweya wa munthu, tanthauzo lawadutsa. Ine ndinali mmodzi wa iwo. Nditafika ku koleji ndinali wonyada ndi liwu langa, ndipo tsiku loyamba kuwerenga pamaso pa mphunzitsi wathu wa tajwid ndinatulutsa zonse zimene ndinaba pa mbale ija. Anandisiya mpaka ndinamaliza, kenaka anandifunsa modekha kuti, "Mwana wanga, madd amene uja unamutalikitsa ndi muyeso wanji?" Ndinalibe yankho. Pamene lamulo likufuna miyeso iwiri ndinkakoka mpaka mpweya utandithera, ndipo mpweya ukatha ndinkaima pakati pa mawu, pamalo osokoneza tanthauzo. Anandiletsa kukometsa liwu kwa chaka chathunthu, nandipatsa kaseti ya munthu amene mbale yake inali kale kwathu, koma ine ndinkaiona ngati yosakoma.

Munthuyo ndi Sheikh Mahmoud Khalil al-Husary, amene anabadwa mu 1917 kufupi ndi Tanta ku Egypt, namwalira mu 1980. Iye ndi woyamba kujambulitsa Qur'an yonse mu kawerengedwe ka murattal motsata riwaya ya Hafs, ntchito imene inatha mu 1961. Maganizo ojambula Qur'an yonse anachokera kwa Labib al-Said, amene ankafuna kuti kawerengedwe kolondola kasungidwe m'mawu monga mmene malemba anasungidwira m'Mus'haf, ndi kuti kafike kwa Asilamu a kutali amene alibe aphunzitsi okwanira. Pambuyo pake al-Husary anajambulitsanso riwaya ya Warsh, komanso kawerengedwe ka mu'allim, kopangidwira ophunzira. Bambo sanathe kugula mbale zonse. Anali ndi imodzi yokha, ya ma Surah aafupi a kumapeto, ndipo ndi imene yatha kwambiri m'sutikesi monse.

Poimva koyamba mbaleyi siigwira mtima. Mulibe gulu, mulibe kukwera kodabwitsa, ndipo liwiro lake ndi limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngati munthu wopalasa bwato panyanja yabata. Amene akufuna kulira sangaisankhe, ndipo ndikuvomera kuti pamwambo wa anthu ambiri siingadzutse ogona. Koma khalani nayo sabata imodzi Mus'haf ili pamiyendo. Mudzaona kuti madd wa miyeso iwiri ndi wofanana paliponse, ngati woyezedwa ndi tepi ya telala. Ghunna imamveka m'mphuno kwa nthawi yake, osapitirira. Zilembo za qalqala zimadumpha pang'ono nkuima, osabereka liwu lina. Ndipo poima paliponse ndi pamalo pamene tanthauzo lakwanira, motero ngakhale wodziwa Chiarabu chochepa amayamba kuona mmene ziganizo zamangidwira. Shehe amadzichotsa pakati pa inu ndi Buku, ndipo kudzichotsa kotere kumafuna luso lalikulu kuposa kudzionetsa.

Kwa ife olankhula Chichewa ndi Chiyao nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa malilime athu ali ndi zizolowezi zake. M'zilankhulo zathu liwu lililonse limathera pa a, e, i, o kapena u, motero mwana akakumana ndi chilembo cha sukun amachiwonjezera kaliwu kake osadziwa. Lam ndi ra timazisakaniza monga timachitira ndi l ndi r polankhula. Sin, swad ndi tha zimatuluka ngati chilembo chimodzi, ndipo ain ndi ha ya pakhosi zimasowa kumene. M'Chiarabu kusintha chilembo chimodzi kungasinthe tanthauzo lonse la liwu. Zolakwa zoterezi zimabisala mosavuta m'kawerengedwe kokometsedwa, chifukwa makolo akamva liwu lokoma la mwana wawo amasangalala, osamva kuti zilembo zikugwa m'njira. Pa mpikisano wina wa ana ndinaona mnyamata akuomberedwa m'manja atakoka liwu mpaka misempha ya m'khosi kuonekera, pamene kamtsikana kamene kanawerenga mosalala, chilembo chilichonse pamalo pake, kanabwerera pampando mwakachetechete. Tikapitiriza kutama motero tidzakhala ndi owerenga ambiri a pamwambo, koma ochepa otha kutsogolera Swala popanda kulakwitsa Fatiha.

Mbale yathu ya al-Husary ili ndi chipsera. Mng'ono wanga anaigwetsa ali wakhanda, ndipo pamalo ena m'Surah ya Al-A'la singano imalumpha ndime imodzi. Bambo sanaitaye mbaleyo. Singano ikayandikira pamalopo ankainyamula, nkuwerenga okha ndimeyo ndi liwiro lomwelo la Shehe, kenaka nkuibwezera. Titakula pang'ono ankaloza mmodzi wa ife kuti adzaze mpatawo. Ndaganizira kwambiri za chipserachi. Chikanakhala pa mbale ya Abdul Basit palibe m'nyumba mwathu akanatha kulowapo, chifukwa liwu lotero Allah amapatsa anthu owerengeka. Koma pamene al-Husary wasiyira, telala angathe kupitiriza, mwana wa zaka 8 angathe kupitiriza, ndipo sizimveka zachilendo. Ichi ndicho chifukwa chake ndimaiika pamwamba pa zonse 34. Mbale ya Abdul Basit imandisiya ndikudabwa ndi zimene Allah anaika m'khosi mwa munthu mmodzi, ndipo kudabwa kotero nkwabwino. Ya al-Husary imanditsegula pakamwa kuti nanenso ndiwerenge.

Sindikunena kuti makolo ayambe kusakasaka makina a galamafoni. Masingano ake ndi osowa, ndipo mbale sizikonda kutentha kwa kuno. Owerenga onse awiriwa akupezeka m'mafoni amene tili nawo m'matumba, momveka bwino kuposa pa mbale zanga zakuthazi. Chimene tataya ndi kamvedwe. Memori khadi imodzi imanyamula owerenga ochuluka, ndipo mwana amadumpha kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo mphindi imodzi isanathe, kufunafuna pamene liwu lakwera. M'nyumba zina Qur'an imawerengedwa pa sipika tsiku lonse pamene anthu akukangana za mtengo wa usipa, popanda womvetsera. Mbale inkatikakamiza kuchita zosiyana. Mabatire anali odula, choncho sinkaikidwa popanda anthu okhala pansi. Inali imodzi, choncho tinkaibwereza mpaka kuiloweza. Ndipo inkatha pakapita mphindi 20, nthawi yokwanira kuti mwana amvetsere asanayambe kuyang'ana kunja.

Zimenezi tingazichite ndi foni yomweyo. Sankhani wowerenga mmodzi wa murattal, mukhale naye chaka chathunthu. Patulani mphindi 20 pakati pa Maghrib ndi Isha, ana akhale pamphasa, Mus'haf ili yotsegula, chala chili pa mzere. Nthawi ndi nthawi imitsani foniyo, mwana apitirize yekha ndime yotsatira. Mujawwad musungireni tsiku la Ijuma kapena la Eid, amve kukoma kwake monga timamvera chakudya cha paphwando, ndipo adzautsanzire zilembo zake zitakhwima. Kwa aphunzitsi anzanga ndi oweruza mipikisano, pempho langa ndi lakuti tiyambe kupereka mphoto kwa mwana wolondola tisanapereke kwa mwana wa liwu lokoma.

Sabata yatha ndinaika mbale ija mwana wanga wamkazi ali pafupi, akusenda chinangwa cha mawa. Singano itafika pachipsera ndinachedwa kuinyamula, ndipo inalumpha monga mwa masiku onse. Mwanayo anaika mpeni pansi, nati, "Ababa, Shehe asiya ndime." Ndinabweza singano kumbuyo, ndinainyamula pamalo pake, ndipo iye anawerenga ndimeyo bwinobwino, madd wake wa miyeso iwiri, agogo ake asanawaonepo ndi kamodzi komwe.